Mukalipira zodula koma chakudya chabwera chozizira, musangoti zikomo

Mwezi wathawu ndinatenga madamu ndi apongozi anga aakazi kukadya pa loji ina yake pano pa Kasungu boma, dzina sinditchula chifukwa mawa ndikumana nawonso kumaliro kapena ku tchalitchi, koma ndi amodzi mwa malo aja oti pageti pali mlonda wa yunifomu, patebulo pali nsalu yoyera ndi mafoloko awiriawiri oti sudziwa uyambe iti. Tinafika cha m'ma 6 koloko madzulo, tinaoda chambo ziwiri ndi nkhuku ya lokolo. Chakudya chinafika nthawi itadutsa hafu 7, nsima itayamba kale kuuma pamwamba, chambo kunja chopserera koma ukafika pa munga mkati muli zii ngati changotuluka mu furiji. Apongozi anangodya chipisi ndi kabichi n'kumati "zili bwino bambo, musavutike" ndipo ine ndinalipira ndalama yonse, mpaka kusiya ya tipu chifukwa cha manyazi. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndimangowerengera kuti ndalama ija ndikanagula nkhuku zingati za moyo pamsika.

Vuto lathu ndi loti tinakula tikuuzidwa kuti chakudya sanyoza, ukapatsidwa umalandira ndi manja awiri ngakhale ndiwo zikhale zopanda mchere. Kumudzi kwa azakhali ndi mwambo wabwino umenewo. Koma pa lesitilanti sunapatsidwe aise, wagula, ndipo wagula modula. Ndiye kuchokera tsiku lija ndinasintha kachitidwe, ndayesa kangapo pano komanso ku Mchinji ndikapita pa ntchito, ndipo zikuyenda.

Nkhondo yambiri imathera pooda. Menyu ya malo ngati awa imakhala ya masamba anayi asanu, muli pizza, muli T-bone, muli zina za maina oti weita mwini wake sangatchule, koma zomwe zilipodi ku khitchini mwina ndi zinthu zisanu basi. Musanawerenge n'komwe funsani kuti "achimwene, chomwe chilipo lero chokonzeka ndi chani?" Kenako funsani kuti chitenga mphindi zingati, ndipo akakuyankhani kuti "pompano bwana" musavomere, pompano si nthawi. Muwauze apite akafunse shefu abwere ndi nambala. Akati mphindi 30, yang'anani foni yanu pamaso pawo n'kunena mokweza pang'ono kuti ndiye kuti 7 koloko tikhala tikudya eti. Zikuoneka zachibwana koma weita uja akalowa ku khitchini amakanena kuti tebulo ilo likuwerenga nthawi.

Pa nkhani ya chambo ndiime kaye. Kasungu kulibe nyanja abale. Nsomba imachita kuchokera ku Nkhotakota kudzera msewu wa M18 uja wodutsa mu nkhalango ya nyama, kapena ibwere ndi M1 kuchokera ku Lilongwe, ndipo ku Mchinji ndiye kutali kuposa apa. Ndiye chambo cha pa loji nthawi zambiri chimakhala chouma gwa mu furiji, mukaoda m'pamene amachitulutsa, ndipo akachiponya mu mafuta otentha chisanasungunuke bwino chimapsa khungu mkati muli mwazi, ndi zomwe zinatichitikira ife. Onjezani kuti magetsi akazima tsiku lonse ndipo jenereta ilibe dizilo, nsomba ija imasungunuka n'kuumanso, kusungunuka n'kuumanso, fungo lake mumalimva mbale isanafike patebulo. Ine masiku ano ndimafunsa kuti chinabwera liti, akayamba kukanda mutu ndimaoda nkhuku. Nkhukunso funsani ngati ndi ya lokolo yeniyeni, chifukwa ya lokolo siyipsa mu mphindi 20, akakulonjezani choncho ndiye kuti mwina inaphikidwa m'mawa akungotenthetsa kapena akupatsani broila pamtengo wa lokolo.

Mtengo funsaninso pakamwa ngakhale walembedwa. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mitengo imangosintha, malo ambiri menyu ndi yakale, ena amamata tipepala pamwamba ena samata n'komwe, bilu ikabwera mumve "aaa imeneyo ndi mitengo yakale bwana." Funsaninso ngati mtengowo uli kale ndi VAT ndi kamsonkho ka zokopa alendo (tourism levy) ka 1% kaja kapena aziwonjezera pamapeto. Ndipo ngati mukudalira kadi, Airtel Money kapena Mpamba, funsani musanadye ngati makina akugwira, osati mwakhuta kenako akuuzeni kuti netiweki palibe ndiye musiye madamu ngati chikole inu mukuthamangira ku ATM pa kabaza usiku.

Tsopano nthawi yomwe analonjeza yadutsa. Apa ambiri timalakwitsa pawiri, ena timangokhala duu kumayang'ana chitseko cha khitchini ngati tikudikira zotsatira za mayeso, ena timayamba kuimba likhweru ndi kuwomba m'manja kuitana weita ngati tikuitana galu. Zonse ziwiri sizithandiza. Pakadutsa mphindi 10 pamwamba pa zomwe ananena, kwezani dzanja, akabwera mufunse mwaulemu kuti zili pati. Akapita osabweranso, ulendo wachiwiri musalimbane nayenso, ingonenani kuti "achemwali, mundiitanire a manejala kapena supavaiza." Mtsikana uja si amene wazimitsa mbaula, si amene sanagule nyama, mwina waima chiyambire m'mawa ndipo malipiro ake a mwezi sakufika pa bilu ya matebulo awiri. Mukamukalipira iyeyo nkhani imathera pomwepo, akalira kuseri, a manejala osamva kanthu, mawa zomwezo.

A manejala akabwera musayambe ndi "mukundidziwa ine?" Mawu amenewo kuno amveka kwambiri makamaka nyengo ya fodya, msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa aliyense amakhala bwana mtauni muno, ndiye anazolowera saopanso. Nenani zinthu zitatu zokha mosakweza mawu: nthawi yomwe munaoda, chomwe chalakwika, ndi chomwe mukufuna. Chachitatuchi ndiye ambiri timaiwala, timangodandaula dandaulu osanena kuti atichitire chani, iwo amangoti pepani pepani basi nkhani yatha. Nenani kuti "bwana, tinaoda 6 koloko, pano ndi hafu 7, nsombayi mkati ndi yaiwisi onani apa, ndikupempha muichotse pa bilu" kapena mundisinthire ndi china chomwe chilipo chokonzeka. Ine ndimakonda kuti achotse kusiyana n'kuti akakonzenso, chifukwa mbale ikabwerera ku khitchini ndiye mwayambanso kudikira ola lina, komanso kaya ndi ine ndekha, mtima sukhala m'malo kudya chinthu choti ndachibweza kwa munthu amene ndamukhumudwitsa.

Chachikulu apa n'choti mudandaule mbale ikadali yodzaza. Mwaluma kawiri mwamva kuti sizili bwino, ikani foloko pansi. Osati mwamaliza zonse kwatsala minga ndi mutu kenako muziti inali yoola, palibe angakumvereni ndipo kunena zoona inenso nditakhala manejala sindingamve. Jambulani chithunzi pomwepo pooneka bwino pomwe pali vuto, tsitsi kaya ntchentche kaya mwazi pafupa, foni imasunga yokha nthawi yomwe mwajambula.

Ngati muli ndi apongozi kapena alendo aulemu ngati mmene zinalili kwa ine, musachitire patebulo. Akuluakulu athu sakonda phokoso pa chakudya, achita manyazi ndipo mawa nkhani kumudzi ikhala yoti mkamwini ndi wolongolola. Dzukani ngati mukupita kukasamba m'manja, mukalankhule ndi a manejala pa kauntala, mubwerere mukumwetulira. Ndikanadziwa izi tsiku lija bwenzi amayi aja atadya nkhuku yotentha.

Bilu ikabwera iwerengeni mzere ndi mzere, musachite manyazi kuti anthu aona ngati mulibe ndalama. Zakumwa ndiye pamene pamalowa mbuzi, mwamwa Fanta zitatu alemba zisanu, madzi a m'botolo omwe anangobweretsa okha osafunsa nawonso ali pomwepo. Ine ndimawauza asachotse mabotolo patebulo mpaka tilipire, tikawerengera limodzi. Nthawi zina si kuba ayi, weita mmodzi akutumikira matebulo asanu ndi limodzi ndipo akulemba pa kapepala, amasokoneza, ndiye musafulumire kutchula munthu wakuba. Ingonenani kuti apa pakuoneka kuti palakwika tiwerengenso. Mukalipira tengani risiti yeniyeni, ngati akudulani VAT ikhale ya makina ija yovomerezeka ndi MRA osati kapepala kolemba pamanja kopanda ngakhale dzina la malowo. Popanda risiti kulikonse komwe mungakadandaule akufunsani umboni woti munadyadi kumeneko.

Nanga akakana? Zimachitika, pali mamanejala ena oti amakuyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu n'kuona kuti uyu si mzungu wa ku Lifupa, loji ya mu paki ya nyama ya Kasungu ija, kapena bwana wa bungwe wobwera ndi Land Cruiser, ndiye amangoti chakudya chikatuluka ku khitchini chimalipiridwa basi. Ichi chimandiwawa kuposa nsomba yaiwisi, kuona tebulo la alendo obwera pambuyo panu likulandira chakudya inu mukadali pa madzi. Musamenyane, musathawe osalipira chifukwa akuitanirani apolisi nkhani isanduke ina. Lipirani zomwe mwadyadi, pa zomwe mukukanazo nenani poyera kuti simukugwirizana nazo, ngati akukakamizani lipirani koma risiti ndi zithunzi zikhale m'manja, mufunsenso nambala ya mwini malo. Eni ake ambiri sakhala pamalopo, ena ali ku Lilongwe, ndipo uthenga wa pa WhatsApp wolembedwa bwino wokhala ndi chithunzi umagwira ntchito kuposa kukuwa kwa ola lathunthu.

Zikakanika pamenepo malo okadandaula alipo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, lomwe lili ku Lilongwe limalandira madandaulo a ogula, nkhani ngati kukulipiritsani mtengo wosiyana ndi wolembedwa ndi zawo zimenezo. Kulinso bungwe lolankhulira ogula la CAMA, la a John Kapito aja timawamva pa wailesi. Koma ikakhala nkhani ya ukhondo, chakudya choola, mphemvu, kapena mwatsegula m'mimba nonse amene munadya, pitani kaye kuchipatala zilembedwe m'buku lanu la umoyo kenako mukanene kwa a zaumoyo ku khonsolo, iwowo ndi amene amayendera malo odyera. Kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inatiphunzitsa kuti za m'mimba si zoseweretsa.

Za pa Facebook ndiye muchenjere nazo. Ndikudziwa chala chimayabwa ukangotuluka pageti, koma lembani zomwe zinachitikadi, tsiku, nthawi, chomwe munaoda, chomwe a manejala anayankha, osawonjezera mchere. Nkhope ya weita musaike, dzina lake musatchule, tauni ino ndi yaing'ono, amene achotsedwe ntchito ndi iyeyo pomwe shefu ndi bwana wake akhala phee. Ndipo ngati anakonza vutolo nenaninso kuti anakonza.

Tipu ndi yanu, palibe lamulo. Ine ngati weita anayesetsa, amabwera kudzandiuza zoona kuti bwana gasi watha tikuphikira pa makala, ndimamupatsa m'manja mwake mwakachetechete ngakhale khitchini yandikhumudwitsa.

Sabata yatha ndinabwereranso pa loji ija, ndekha ulendo uno, ndinafunsa chomwe chilipo, mnyamata anati chambo chilipo bwana, ndinati chinabwera liti, anaseka n'kundinong'oneza kuti "madala, ingodyani nkhuku." Inafika mu mphindi 35, yotentha, nsima yake yofuka nthunzi. Apongozi ndawauza kuti tipitenso mwezi ukatha koma akuti bola ndingowagulira nkhukuyo akaphike okha.