Kukonza njira ya petulo pa galimoto ya turbo yowonjezeredwa mphamvu

Petulo akachepa pamene turbo yadzaza mpweya, moto wa m'silinda umatentha mopyola muyeso ndipo pisitoni imasungunuka m'mphepete. Choncho yambani ndi masamu musanagule kanthu.

Titenge Subaru ya injini ya EJ20, ya masilinda 4, yomwe mukufuna ifike 400 hp. Mukaponda moto wonse, injini yotere imamwa malita pafupifupi 150 pa ola. Injekita, kachipangizo kopopera petulo wa silinda iliyonse, isamatsegule kupitirira 80 peresenti ya nthawi, ndiye iliyonse ikhale ya 800 cc pa mphindi kapena kuposerapo pang'ono.

Pampu ndi pomwe ambiri amapusitsika. Pampu ya Walbro 255 imatulutsadi malita 255 pa ola, koma pa presha ya pafupifupi 3 bar. Regulator, kachipangizo kowongolera presha, imakweza presha ya petulo mofanana ndi ya turbo, kotero turbo ikakankha 1.5 bar, pampu ikulimbana ndi 4.5 bar ndipo petulo wotuluka amatsika. Onani tchati cha wopanga pa 4.5 bar pomwepo, ndipo petulo wotuluka apose womwe injini ikufuna ndi 20 peresenti. Komanso waya wakufakitale wopita ku pampu ndi wowonda, amadya magetsi pampu isanawalandire. Kokani waya wonenepa wa saizi ya 12 AWG kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi ya 20A ndi relay (switchi yoyatsidwa ndi magetsi); waya wakaleyo angokhala woyatsira relay. Injini ikulira, pa pampu papezeke pafupifupi 13.5V.

Sefa zikhale ziwiri: ya timabowo ta 100 micron pampu isanakoke, ya timabowo tating'ono kwambiri ta 10 micron mainjekita asanalandire. Mukazisinthanitsa, pampu imavutika kukoka, imalira ngati njuchi, kenako imapsa.

Payipi ya petulo ya saizi ya -6AN ndi yokwanira pa mphamvu imeneyi. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amadya labala wakale, ndiye gulani payipi ya muyezo wa SAE J30R9, ndipo yomira m'thanki ikhale J30R10. Wamba imafewa ngati phala.

Ngati mumakhota mothamanga petulo atatsala pang'ono m'thanki, petulo amathawira mbali imodzi pampu n'kukoka mpweya. Kathanki kothandizira ka malita 2, kodzazidwa ndi pampu yaing'ono, komwe pampu yaikulu imakokamo petulo, kamathetsa zimenezi.

Poyesa, mangani geji ya presha ya petulo ndi wideband (geji yoonetsa ngati petulo wachepa kapena wachuluka poyerekeza ndi mpweya), mnzanu aziwerenga inu mukuyendetsa. Presha ya turbo ikamakwera koma ya petulo osakwera nayo, chotsani phazi nthawi yomweyo, muyambe ndi kuyeza magetsi a pampu.