Kuyamba kuphunzitsa ndi zida za pa intaneti mu Giredi 7 mpaka 9 kuno ku Joni

Mphunzitsi amene anazolowera choko ndi bolodi kumudzi akayamba ntchito kuno ku Joni, kaya ndi ku Rosettenville, ku Yeoville kapena ku Soweto, sipapita nthawi ahedi asanamufunse ngati kalasi yake ili pa intaneti. Ana a Giredi 7, 8 ndi 9, amene mu silabasi ya CAPS ali mu Senior Phase, ndi amsinkhu wa Sitandade 7, Sitandade 8 ndi Fomu 1 kwathu. Foni amaidziwa kuposa inu, koma ambiri sanatumizepo fayilo ya homuweki, ndipo foniyo nthawi zambiri ndi ya mayi awo, imene imafika pakhomo usiku eni ake akaweruka kuntchito. Chilichonse chimene mukonze, chikonzeni mukuganizira mwana ameneyu.

Musanatsegule laputopu, gawani timapepala. Mwana aliyense alembe zinthu zitatu popanda kulemba dzina: foni imene amagwiritsa ntchito ndi ya ndani, amaipeza nthawi yanji, ndipo kunyumba kuli Wi-Fi kapena amadalira bandulo. Musafunse mokweza mawu kuti opanda foni akweze manja. Pamsinkhu uwu manyazi ndi aakulu, mwana amalolera kunama n'kulephera homuweki kusiyana ndi kusekedwa ndi anzake. Mukawerenga timapepalato mudziwa ngati ntchito ya pa intaneti ingapite kunyumba kapena iyenera kuthera m'kalasi momwemo.

Kenako pitani kwa ahedi mukafunse ngati sukulu ili ndi maakaunti ake a Google Workspace for Education kapena a Microsoft, komanso zimene malamulo a sukulu, amene amakhazikitsidwa ndi komiti yoyendetsa sukulu (SGB) m'sukulu za boma, akunena pa mafoni m'kalasi. Musatsegulire ana maakaunti a Gmail panokha. Google ndi WhatsApp onse amafuna kuti mwini akaunti akhale wa zaka 13 kapena kuposerapo, pomwe mu Giredi 7 muli ana a zaka 12. Palinso lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021. Limateteza mwapadera zokhudza mwana wosafika zaka 18, monga dzina, chithunzi, nambala ya foni ndi malikisi. Choncho kalata yopempha chilolezo kwa makolo ituluke m'dzina la sukulu, isayinidwe, ndipo isungidwe mu fayilo.

Yambani ndi kalasi imodzi ndi chida chimodzi kwa teremu yonse. Pa Google Classroom, dinani chizindikiro cha + pamwamba, sankhani Create class, ndipo dzina la kalasi likhale lomveka, monga 8B Natural Sciences. Mupatsidwa kodi ya kalasi. Ilembeni pabolodi ndi zilembo zazikulu, ndipo ana alowe muli nawo pomwepo, osati kunyumba. Vuto limene limadya piriyodi yonse tsiku loyamba ndi ili: mwana walemba kodi molondola koma kalasi ikukana. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti foniyo ili pa Gmail ya kholo kapena ya mkulu wake, pomwe kalasi inatsegulidwa ndi akaunti ya sukulu. Adine kachithunzi kapakona, asinthe akaunti, ayesenso. Onse akalowa, zimitsani kodiyo kuti anthu akunja asalowe, ndipo mu Settings sinthani Stream, tsamba la mauthenga a kalasi, kuti ana asamalembe mauthenga awoawo. Mukapanda kutero, pofika Lachisanu homuweki yanu idzakhala itakwiririka pansi pa macheza.

Ntchito ya ana muziiyika pa Classwork, osati pa Stream. Mukalumikiza fayilo ya Google Docs pamabwera zosankha zitatu, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri atsopano amapunthwa. Students can view file ndi yowerenga chabe. Students can edit file imaika ana onse 40 papepala limodzi, wina akulemba wina akufufuta. Imene mukufuna pa homuweki ndi Make a copy for each student, ndipo imeneyi imasankhidwa musanatumize ntchitoyo. Mukaiwala, sipakhala njira yoikonzera pambuyo pake, mungoyenera kuifufuta ndi kutumiza ina. Ana olemba m'kope ajambule tsambalo ndi Scan ya mu Google Drive, kope litagona patebulo pafupi ndi windo, chifukwa chithunzi chojambulidwa usiku pabedi sichiwerengeka. Auzeninso kuti kuika fayilo sikukwanira, adine batani lotumizira. Ambiri amene amalumbira kuti anatumiza amakhala kuti anaima pamenepa.

Chida chimene chimapulumutsa nthawi yochonga ndi Google Forms. Mu Settings yatsani Make this a quiz, ndipo pa funso lililonse lowani mu Answer key muike yankho ndi malikisi. Mafunso 10 ndi okwanira pa mphindi 15. Funso loyamba likhale dzina, lachiwiri kalasi, ndipo kalasiyo azichita kusankha pamndandanda, osati kulemba okha, kuti mayankho adzasanjike bwino mu tebulo la Google Sheets.

Samalani kwambiri ndi mafunso a yankho lalifupi pa masamu. M'sukulu za South Africa desimali imalembedwa ndi koma, 2,5, pomwe mwana wochokera ku Malawi kapena ku Zimbabwe anazolowera 2.5, ndipo wina awonjezera cm kumapeto. Makina sadziwa kuti onsewa akhoza. Amangoyerekeza zilembo ndi zimene munaika. Ikani mayankho onse ovomerezeka mu Answer key, nenani m'funso momwe mukufuna yankho lilembedwere, ndipo musayatse Mark all other answers incorrect, kuti otsalawo muwachonge ndi maso anu. Mwana amene wakhoza koma makina amupatsa ziro amataya mtima msanga, ndipo kholo lake lidzafika pasukulu lili ndi chifukwa chomveka. Nkhani ina ndi nthawi yotulutsira malikisi. Mukasiya kuti mayankho olondola azioneka mwana akangotumiza, 8A ikalemba m'mawa, 8B idzalowa masana ili nawo kale m'mafoni. Sankhani Later, after manual review, mutulutse makalasi onse atalemba. Limit to 1 response imaletsa kulemba kawiri, koma imafuna kuti mwana alowe ndi akaunti ya Google, choncho ngati ana awiri apachibale akugwiritsa ntchito akaunti imodzi, wachiwiri adzakanizidwa.

Fomu iliyonse muiyese nokha pafoni, pa bandulo, ngati mwana, musanaitumize. Chithunzi chimene chikuoneka bwino pa laputopu chimatha kukhala chosawerengeka pa kafoni kakang'ono.

Tsopano za m'kalasi. Magetsi a kuno amatha kuzima phunziro lili pakati, kaya chifukwa cha load shedding (kuzimitsa magetsi mosinthanitsa madera) ya kampani ya magetsi ya Eskom, vuto la City Power, imene imagawa magetsi mu Joni, kapena nthambo zobedwa, ndipo Wi-Fi imapita nawo limodzi. Choncho chilichonse chimene mudzaonetse mawa chikhale kale mu laputopu lero, ndi kope lina pa fulashi. Mu teremu yachitatu Giredi 8 ndi 9 amaphunzira za magetsi, ma series ndi parallel circuit. PhET, ya yunivesite ya Colorado Boulder, ili ndi pulogalamu yaulere yoyeserera zamagetsi pakompyuta, Circuit Construction Kit: DC, imene mungaitsitse ngati fayilo imodzi n'kumaitsegula popanda intaneti. Mangani circuit ya mababu awiri, funsani ana alembe m'kope chimene chichitike mukachotsa babu limodzi, kenako chotsani babulo onse akuona. Kulemba kaye kumeneku ndiye phunziro, chifukwa popanda iko ana amangoonera ngati kanema. Pa ma graph ndi jometri ya Giredi 9, pulogalamu ya masamu ya GeoGebra nayo imaikidwa mu laputopu. Mabuku a Natural Sciences a Siyavula ndi aulere ndipo amatsata CAPS.

Pulojekita muiyese dzulo lake. Yambiri yakale ili ndi doko la VGA, la buluu la mabowo 15, pomwe laputopu zatsopano zili ndi HDMI kapena USB-C yokha, ndiye adaputa ikhale yanuyanu m'chikwama. VGA sinyamula mawu, kanema adzafuna sipika yapadera. Chithunzi chikakana kutuluka, dinani Windows ndi P pamodzi musankhe Duplicate. Musanalumikize, tsekani WhatsApp ya pakompyuta ndi imelo, kuti uthenga wa kholo lina kapena malikisi a mwana zisaonekere kalasi yonse.

Pasukulu pamene mafoni ndi oletsedwa, kapena pamene theka la ana alibe, Plickers imathandiza kwambiri. Mumasindikiza makhadi, 40 kapena 63, mwana aliyense yake yokhala ndi nambala. Khadi ili ndi mbali zinayi, A mpaka D, ndipo mwana amaikweza mbali ya yankho lake ili pamwamba. Inu mumayendetsa kamera ya foni yanu kalasi yonse, mayankho n'kulowa nthawi yomweyo. Foni imodzi yokha ndiyo imafuna intaneti. Makhadiwo musawakute ndi pulasitiki yonyezimira, kuwala kumasokoneza kamera. Amateni pakatoni, ndipo auzeni ana asaphimbe chithunzicho ndi zala. Yaulere imalola mafunso 5 pa seti imodzi, okwanira kudziwa ngati mupitirire kapena mubwereze.

Homuweki yopita kunyumba ikhale yopepuka pa bandulo. Kanema wa mphindi 10 pa 720p amatha kudya ma MB oposa 100, pomwe pa 360p safika theka la pamenepo, ndipo PDF ya masamba awiri kapena uthenga wa mawu wa mphindi imodzi sufika ngakhale 1 MB nthawi zambiri. Perekani masiku awiri kapena atatu, osati usiku umodzi, ndipo pakhale mapepala osindikiza a ntchito yomweyo kwa amene akuwafuna, opanda kuwachotsera malikisi. Gulu la WhatsApp likhale la makolo, lotumiza ma admin okha, ndipo muikemo mphunzitsi mnzanu kapena mkulu wa dipatimenti (HOD). Musamacheze ndi mwana payekha pa nambala yanu. Malamulo a khalidwe a SACE, bungwe limene mphunzitsi aliyense kuno amayenera kulembetsako, amagwira ntchito pafoni monga momwe amagwirira m'kalasi.

Za kukopera, mwana akabweretsa ndime yosalala yochokera ku ChatGPT, musalimbane naye ndi mapulogalamu onena kuti amazindikira zolemba za makina, chifukwa amalakwitsa. Muitaneni pa desiki, afotokoze ziganizo ziwiri m'mawu ake. Ntchito zowerengedwa pa lipoti zilembedwe m'kalasi inu mukuona, pa intaneti pazipita zoyeserera. Malikisi a mu Classroom salowa okha mu SA-SAMS, pulogalamu ya boma yosungiramo malikisi a sukulu, choncho kumapeto kwa mwezi uliwonse atsitseni mu Sheets, sungani kope pa fulashi yokhala ndi pasiwedi, ndipo lina mulisindikize lilowe mu fayilo imene a HOD adzaifune pa moderation, pounika kachongedwe kanu.