Momwe mungapemphere belo ya m'bale wanu pa mlandu wakupha womwe palibe anaona ndi maso

Achimwene anga anawamanga chifukwa ndiwo anaoneka komaliza akuyenda ndi malemu usiku, kuchokera kumowa. Panalibe amene anaona zomwe zinachitika, chida sichinapezeke, koma anakhala miyezi pa limandi tisanadziwe koyambira.

Choyamba, musataye nthawi kupolisi kapena kwa majisitireti. Belo ya mlandu wakupha imaperekedwa ndi khothi lalikulu lokha, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Wina akakuuzani kuti apolisi amutulutsa mukapereka kangachepe, ameneyo ndi dobadoba. Ifenso wina anatipeza panja pa khothi atavala jekete, nkutiuza kuti amadziwana ndi jaji. Tinamukana, koma ndinaona mayi wina akumupatsa ndalama zomwe anagulitsa mbuzi.

Kenako pezani loya. Wapadera amene tinamufunsa anatchula ndalama zogulira njinga yamoto, choncho tinapita ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yomwe imapereka maloya kwa anthu osowa ndalama. Kumakhala anthu ambiri, pamafunika kupitapita, koma amathandiza. Tengani nambala ya mlandu, tsiku lomwe anamangidwa ndi dzina la ndende.

Lamulo lili kumbali yanu. Gawo 42(2)(e) la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa ali ndi ufulu wotulutsidwa pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti akhalebe m'ndende. Mu 2005, pa mlandu wa Fadweck Mvahe, khothi la Supreme linanena kuti ngakhale pa mlandu wakupha, boma ndi lomwe liyenera kusonyeza chifukwa chokanizira belo. Komanso ngati papita masiku 90 mlandu usanayambe, loya anene zimenezo, chifukwa nthawi yosungira munthu pa limandi ili ndi malire.

Tsono apa ndi pomwe ife tinagwa. Tinkaganiza kuti poti umboni wa boma ndi wongolumikiza zinthu, belo ndi yathu basi. Chikalata cholumbirira chomwe tinapereka kukhothi popempha belo chinangodzaza ndi mawu oti palibe anawaona akupha. Jaji sanatsutse, koma pa belo khothi silizenga mlandu. Kufooka kwa umboni kumangothandiza kusonyeza kuti munthu alibe chifukwa chothawira. Malamulo a belo a mu 2000 amafunsanso zina: kodi akasokoneza mboni? Kodi kutuluka kwake kukabweretsa chipwirikiti kumudzi? Kodi iye mwini akakhala wotetezeka? Aboma anangonena ziwiri: mboni yawo yaikulu inali neba wathu, ndipo achibale a malemu anali atagumula kale khitchini ya achimwene. Ife tinalibe yankho, chifukwa tinalemba kuti akatuluka akabwerera kunyumba komweko. Belo inakanidwa. Mayi athu sanadye masiku awiri.

Pempho lachiwiri limafuna kuti pakhale chomwe chasintha. Amalume okhala m'boma lina anavomera kuwasunga achimwene, mfumu yakumeneko inalemba kalata, ndipo tinasonyeza kuti kufufuza kwa apolisi kunatha, mboni zonse zinapereka kale sitetimenti. Muyambe ndi zimenezi pa pempho loyamba lomwe. Lembani komwe akakhale, kutali ndi mboni, ndi yemwe akawayang'anire. Ngati kwanu nkufupi ndi malire a Mozambique kapena Zambia, yembekezerani kuti aboma anena za kuthawa, ndiye onetsani munda, ana, bizinesi, chilichonse chomumangirira kuno.

Belo ikaperekedwa, konzani mboni za belo, anthu olonjeza kukhothi kuti iye sathawa, nthawi zambiri ziwiri, zokhala ndi chiphaso cha unzika komanso malo odziwika. Khothi limazifunsa mafunso, choncho zikhale zomudziwadi munthuyo, osati zobwereka. Ndalama lipirani kukhothi ndipo lisiti musunge.

Akatuluka azikasaina kupolisi masiku omwe auzidwa, asalankhule ndi mboni za boma, ndipo tsiku la mlandu asajombe.