Mukamagula matayala a tirela, yang'anani nambala iyi kaye

Anthu ambiri tayala la tirela likaphulika amangothamangira kwa ogulitsa matayala a kaunjika nkutola lililonse bola saizi yafanana, koma apa mpamene vuto limayambira. Saizi payokha siyokwanira ayi.

Yang'anani m'mbali mwa tayala. Mukaona 155R13C 90/88, C ija ikutanthauza kuti ndi lonyamula katundu, ndipo 90 ndiye load index, nambala yosonyeza kulemera komwe tayala lingasenze, apa tayala limodzi limatha kusenza 600kg. 88 yo ndi ya ma tirela oika awiriawiri mbali imodzi. Pomwe la galimoto wamba la 155/80R13 79T limangosenza 437kg basi, nde awiri ndi 874kg, muchotsepo kulemera kwa tirela yeniyeniyo, tinene 250kg, mwatsala ndi matumba 12 a chimanga a 50kg, inu mwapakira 20 pamsewu wa maenje dzuwa likuswa mtengo, tayala limatentha mpaka phuu! Ndi a C aja mukhoza kufika matumba 19, koma onaninso kachitsulo kolembedwa kulemera pa tirelapo, akisulo nayonso ili ndi malire ake.

Chinanso ndi zaka. Manambala 4 omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwa tayala amasonyeza nthawi yomwe linapangidwa, monga 2321 ndi sabata ya 23 chaka cha 2021. Matayala a tirela amakalamba mapazi adakali bhobho chifukwa amakhalitsa padzuwa, mukaona ting'alu m'mbali asiyeni ngakhale atchipe bwanji.

Gulani awiri ofanana, musasakanize. Mpweya pimani tayala lisanatenthe, a C amafuna wambiri kuposa a galimoto, ndipo sipeya nayenso akhale wa nambala yomweyo.