Akakuchotsani ntchito ku jimu kuno ku Joni, musathamangire kusaina

Ndinagwira zaka zisanu pa jimu ina ku Randburg, kupukuta thukuta pa makina othamangirapo ndi kukolopa m'mabafa kusanache. Kampani itaphatikiza nthambi ziwiri, oyamba kuuzidwa kuti ntchito yatha tinali ife oyeretsa ndi a pa risepishoni.

Ndondomeko yochotsera anthu ntchito motere ndi yaifupi. Gawo 189 la Labour Relations Act, lamulo la zantchito la kuno, limalamula bwana kukulemberani kalata ndi kukambirana nanu asanakuchotseni. Akupatseni malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe munakwanitsa, notisi, ndalama za tchuthi ndi fomu ya UI-19 yokatengera ndalama ku UIF, thumba la boma lothandiza amene ntchito yawathera.

Ine izi sindinkazidziwa. Manejala anandiitanira m'kaofesi kosungiramo matawulo, cholembera atatsegula kale. "Saina apa, ndalama zituluka Lachisanu." Ndinasaina ndili chiimire. Pepalalo linkati ndasiya ntchito mwakufuna kwanga. Wosiya yekha salandira ya zaka zija, ndipo ku UIF amamubweza. Abale anga, pepala lililonse pitani nalo kunyumba, munthu wina akuwerengereni. Akakana kuti mutuluke nalo, dziwani kuti muli kanthu.

Chimene chimandiwawabe ndi dobadoba amene ndinamupeza panja pa ofesi ya Labour, ya boma yoona zantchito. Mmalawi mnzathu, Chichewa chake chokoma, jekete ndi chikwama chakuda. Anati amadziwana ndi akuluakulu a m'kati, ndimupatse R1,800 ndi fotokope ya pasipoti kuti andiyendetsere nkhani yanga. Ndinakongola ndalamayo. Milungu isanu ndi umodzi yankho linali limodzi: "Mawa, achimwene, fayilo ikuyenda." Kenako foni inasiya kupezeka.

Nditapita ndekha ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a ogwira ntchito, ndinamva kuti dandaulo la kuchotsedwa ntchito liyenera kufika masiku 30 asanathe, pa fomu 7.11, ndipo salipiritsa ngakhale senti. Ndinapempha kuti andilandire mochedwa, anakana. Munthu uja anandidyera masiku anga.

Ndiye lekani zobisala m'nyumba chifukwa pemiti inatha. Khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti mlendo wopanda pemiti yovomerezeka amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito. Ndatopa kumva anthu akuti "tingosiyira Mulungu" asanayese n'komwe.

Inu amene mukadali pa ntchito, onani pepala la malipiro lero. Ngati akudula 1 peresenti ya UIF, pitani nokha ku Labour ndi pasipoti mukafunse ngati dzina lanu lilimo.