Kusamala Hiace ya katundu wachangu kuno ku Chigwa cha Shire

Ndimayenda ndi Hiace pakati pa Blantyre ndi Nsanje. Potsika ndimanyamula anapiye, zipangizo za mapampu a mthirira kapena makatoni a mankhwala, pokwera nthawi zambiri nsomba zaziwisi. Mwini katundu safuna kumva zoti galimoto yafera pa Ngabu, amangofuna katundu wake. Inu amene mwangoyamba kumene ntchitoyi, dziwani kuti chopha galimoto kuno ndi kutentha.

Yambani ndi madzi, m'mawa musanalize injini. Onani ngati radiyeta yadzaza, mufinye mapaipi ndi dzanja. Paipi yofewa ngati nthochi yakupsa isinthidwe tsiku lomwelo. Koma chonde, madzi a pamjigo ayi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo umadya radiyeta m'kati inu osadziwa. Ine ndinkangothira a pamjigo, mpaka tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, singano yosonyeza kutentha kwa injini inakwera ndili pakati pa chitunda chochokera pa Thabwa, kumbuyo ayezi akusungunuka pa nsomba za eni. Makaniko atamasula radiyeta, zotuluka zinali zofiira ndi zolemera ngati thobwa. Kuyambira pamenepo ndimagula coolant, madzi apadera oziziritsa injini, ndipo chigubu cha malita 5 sichichoka kuseri kwa mpando.

Singano ikakwera, pakirani pambali mudikire, ngakhale foni ikulira. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha. Pa Hiace injini ili pansi pa mpando, ndiye nthunziyo idzakusupulani muli m'kati momwemo.

Potsika phiri lomwelo, vuto limasamukira ku mabuleki. Ikani giya 2 kapena 3, injini ikugwirireni galimoto. Anyamata ena amaika fili, kutanthauza kuchotsa giya kuti galimoto izingotsetsereka yokha, ati kupulumutsa dizilo. Dizilo wake wa ndalama zingati? Mukangoponda buleki kuchokera pamwamba, mukamafika m'makona a m'munsi mumayamba kumva fungo lopserera, buleki n'kumangolowa pansi osagwira.

Katundu wolemera akhale pakati, kutsogolo kwa matayala akumbuyo, ndipo mumumange. Mpweya wa m'matayala yezani m'mawa akadali ozizira, osaiwala sipeya. Ngati mumalowa misewu yafumbi ya ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, sefa ya mpweya muziigwedeza sabata iliyonse.

Nyengo ya mvula ili ndi zake. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadula misewu kuno, tonse tikukumbuka. Kuyambira Januwale mpaka Malichi sindinyamuka ndisanaimbire mnzanga amene wadutsa kale m'mawa umenewo. Madzi odutsa pamsewu amene simukuona pansi pake, musalowemo. Injini ya dizilo ikamwa madzi, nkhani yake ndi yogula ina.

Za nthawi yolonjeza kasitomala, ine ndimawonjezera ola lathunthu pa imene ndikuganiza. Pa Nchalo pali njinga ndi mathirakitala a nzimbe, ku Ngabu ng'ombe zimawoloka mwaufumu, mbuzi nazo sizimva hutala. Ndikamuuza bwana wa ku Bangula kuti ndifika 2 koloko, ndiye kuti m'mutu mwanga muli 1 koloko, ndipo anapiye ndimanyamuka nawo kusanache kuti dzuwa likamakwiya akhale atalowa kale m'khola.