Musanagule Sienta ya takisi, yambani mwaona mbiri ya laisensi yanu

Anzanga a ku Kasungu amene mukufuna kuyamba takisi, musathamangire ngongole ya galimoto. Kunyamula anthu polipiritsa kumafuna PrDP ya anthu (chilolezo chapadera cha madalaivala ogwira ntchito yonyamula anthu), kuwonjezera pa laisensi wamba, ndipo milandu yakale ya pamsewu imatulukira pamenepo.

Musanakwere basi ya ku Lilongwe kupita ku Road Traffic, sonkhanitsani malisiti onse a boma a chindapusa chimene munalipira. Chindapusa chosalipira, kapena cholipira koma chosachotsedwa mu MalTIS (kompyuta ya Road Traffic yosunga mbiri ya madalaivala ndi magalimoto), chimaimitsa ntchito yanu pa kauntala, inu n'kubwerera opanda kanthu, ya thiransipoti itapita. Lisiti ndi umboni wanu wokha.

Mlandu umene unafika kukhoti ndi nkhani ina. Kuiwala lamba sikufanana ndi kuyendetsa mutaledzera, kuyendetsa mosasamala, kapena kupha munthu pa ngozi. Pa milandu yotereyi khoti likhoza kuimitsa laisensi kapena kuilanda, ndipo nthawi ya chiletso isanathe palibe chimene mungapemphe. Pitani kwa kalaliki wa khoti limene linakuweruzani, mupemphe kope ya chigamulo. Pamenepo pamaoneka tsiku, mlandu weniweni, ndi nthawi imene chilango chinatha. Ambiri amangonena pakamwa kuti "zinatha kalekale", koma ofesala amakhulupirira pepala.

Pa fomu yopemphera PrDP lembani zoona. Mlandu wakale wothetsedwa bwino umakambika, koma bodza likagwidwa ndi mlandu watsopano. Madobadoba olonjeza kufufuta mbiri, asiyeni, angokudyerani ndalama za COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi.